Foni ndi kompyuta zikavuta: mafunso omwe anthu amandifunsa tsiku ndi tsiku

Mafunso awa ndi omwe amabwerabwera. Ena amafunsa ali chiimire pa benchi yanga yokonzera mafoni foni ili m'manja, ena ndi achibale oimba usiku kuti foni yachita zakutizakuti. Ndawalemba mmene amafunsidwira. Zambiri ndi za Android poti ndi zomwe ambirife tili nazo, ma Itel, Tecno, Infinix, Samsung, koma za laputopu zilimonso kumunsiku. Mayina a mu Settings ndawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi mmene muwapezere pa sikirini, kungoti amasiyanako pang'ono foni ndi foni. Ndayambira dala pa imelo, chifukwa mavuto enawo ambiri amakonzeka, koma a imelo akafika poipa ndi omwe amandisowetsa chonena kwa mwini foni.

Imelo anandipangira mnyamata wa pa shopu pomwe ndinagula foni, pasiwedi sindiidziwa. Pali vuto?

Eya, ndipo ndi lalikulu kuposa sikirini yosweka. Sikirini timasintha, koma akaunti ya Google yomwe simudziwa pasiwedi yake ingakutayitseni zonse tsiku limodzi. Mmenemo ndi momwe mumakhala manambala a anthu anu, bakapu ya WhatsApp (kope losungidwa la macheza anu), zithunzi ngati Google Photos ndiyoyatsa, komanso ndi imeneyo mungasakire foni ikabedwa. Chinanso, kuyambira pa Android 5.1 ya mu 2015 mafoni ali ndi loko yotchedwa FRP. Munthu akaifomata foni mokakamiza, ikayaka imafuna imelo ndi pasiwedi zomwe zinalimo kale, apo ayi siipitirira. Anaiika kuti akuba asapindule, koma omwe ndimawaona akuvutika nayo ndi eni ake enieni, mayi aiwala patani, mwana wawo waifomata kuti awathandize, nde foni ikufuna imelo yomwe anapanga mnyamata uja zaka zitatu zapitazo ndipo mnyamatayo anasamuka kalekale.

Chitani lero foni idakali bwino. Lowani mu Settings, kenako Google kapena Accounts, muone imeloyo, muilembe m'kope. Pitani pa Manage your Google Account, pa Security, muyese kusintha pasiwedi. Ikafunsa yakale dinani Forgot password, kawirikawiri foni ikakhala idakali yolowa mu akauntiyo Google imalola kutsimikiza ndi foni yomweyo. Muonenso nambala yobwezeretsera akaunti, ikhale yanu osati ya mnyamata wa pa shopu. Zikakanika, pangani imelo yatsopano nokha, musamutsiremo manambala, kenako yakaleyo muichotse kudzera mu Settings momwemo. Pasiwedi lembani m'kope lomwe limakhala kunyumba, pomwe mumasunga makadi a kusikelo ndi mapepala a malo, osati kapepala kobisa m'kava ya foni.

Foni ikungonena kuti malo atha, koma ine sindinadawunilode kanthu

Munadawuniloda, kungoti anakudawuniloderani ndi WhatsApp. Gulu la kumpingo, la kuntchito, la banki m'khonde, la maliro omwe anachitika chaka chatha koma gulu lidakalipo, onsewo amaponya mavidiyo ndipo foni imatola chilichonse ngati simunailetse. Tsegulani WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage. Pamenepo imakuonetsani mafayilo opitirira 5 MB ndi omwe atumizidwa kambirimbiri, komanso gulu lomwe ladya malo ambiri. Dilitani. Mukatero bwererani pa Media auto-download muchotse tiki pa zonse, makamaka mavidiyo, kuti chinthu chizilowa pokhapokha mwachidina nokha.

Ambiri amadabwa kuti adilita zithunzi koma malo sanabwerere. Gallery ya mafoni ambiri ili ndi kabini kotchedwa Trash kapena Recently deleted komwe zinthu zimakhala masiku 30 zisanachokeretu, nde kakhuthuleninso kumeneko. Ndipo samalani ndi mabatani awiri aja mu Settings pa Apps: Clear cache ndi yabwinobwino, imangochotsa zinyalala, koma Clear data imabwezera app ngati yatsopano. Mukaidina pa WhatsApp mulibe bakapu, macheza apita.

Ndinaika app yoyeretsa foni koma pano malonda akungotulukira paliponse

Ichotseni. Ma app a cleaner, booster, battery saver, ozizitsa foni, ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi kukuonetsani malonda basi, ndipo amadya RAM (malo omwe foni imayendetsera ma app otsegula) yomwe akuti akukupulumutsirani. Ngati mukufuna chothandiza kuyeretsa, Files by Google ndi yokwana.

Malonda akamatulukira ngakhale simunatsegule kalikonse, yatsani foni mu Safe mode: dinani batani la pawa, kenako gwiritsitsani chala pa Power off mpaka ifunse za Safe mode. Mmenemo ma app omwe munaika nokha sagwira ntchito, nde malonda akasiya mwadziwa kuti wolakwa ndi mmodzi wa iwo. Yang'anani m'ndandanda wa Apps, nthawi zina kamakhala kopanda dzina ndi chithunzi chomwe, kali pansi penipeni. Kakakana kuchoka, fufuzani Device admin apps mukachotse mphamvu kaye. Koma ngati mauthengawo ali ndi chizindikiro cha Chrome, aja onena kuti foni yanu ili ndi mavayirasi 13, si vayirasi ayi, munangodina Allow pa tsamba lina. Chrome, Settings, Notifications kapena Site settings, muletse tsambalo.

Bandulo yanga ikutha msanga kwambiri, akundibera?

Musanakwiye yang'anani kaye mu Settings pa Data usage, foni imalemba app iliyonse ndi ma MB omwe yadya. Kawirikawiri mupeza ndi TikTok, Facebook, ma status a WhatsApp kapena YouTube. Vidiyo imadya kwambiri kuposa mawu, munthu angacheze pa meseji sabata yonse ndi ma MB omwe vidiyo imamaliza m'mphindi zochepa. Ndiye pali akudya mwakachetechete: Play Store ikamapanga update yokha, Google Photos ikamakweza zithunzi, bakapu ya WhatsApp yokhala ndi mavidiyo. Mu Play Store ikani Auto-update apps pa Wi-Fi only kapena muletseretu, yatsani Data Saver mu Settings, pa Facebook letsani mavidiyo kuyamba okha kapena mugwiritse Facebook Lite. Foni ya 4G imamalizanso bandulo msanga kuposa ya 3G, osati chifukwa chobera koma poti vidiyo imabwera yowala kwambiri ndipo simudikira, nde mumaonera zambiri osazindikira.

Ndipo zimitsani data bandulo ikatha, chifukwa nthawi zina foni imayamba kudya mayunitsi omwe munasungira kuimba.

Ndagula bandulo koma intaneti siikugwira

Yambani ndi zophweka. Ngati muli ndi masimu awiri, wina wa Airtel wina wa TNM, onani kuti data yaikidwa pa simu yomwe mwagulira bandulo, ili ndi vuto lomwe ndimaliona kwambiri kuposa ena onse. Yatsani Airplane mode masekondi khumi muzimitsenso. Onani mtundu wa bandulo, ya WhatsApp yokha siitsegula Chrome ngakhale linki yabwera pa WhatsApp pomwepo. Yang'anani kachilembo pafupi ndi mizere ya netiweki: E ndiye yapang'onopang'ono zedi, H+ ndi bola, 4G ndiye bwino. Mizere ikhoza kudzaza koma pali E, palibe chiyende. Zikapitirira lowani pa Access Point Names mudine Reset to default, makamaka foni ikakhala yochokera kunja. Onaninso deti ndi nthawi, zikalakwika masamba ambiri amakana kutseguka ndipo WhatsApp imadandaula, ikani pa automatic.

Foni siikutchaja, kapena mpaka ndigwirizire chingwe cha m'mbali

Musathamangire kusinthitsa pini yotchajira. Yesani chingwe china kaye, zingwe ndi zomwe zimafa kwambiri, zimaduka mkati pafupi ndi kumutu kunja zikuoneka zabwino. Kenako unikani ndi tochi m'kabowo kotchajira. Foni zathu zimakhala m'matumba, mu zitenje, m'fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, nde thonje ndi dothi zimagangatika mkatimo mpaka chingwe sichifika pansi. Zimitsani foni, songolani kamtengo ka machesi kapena kotokosera mano, mutokose pang'onopang'ono. Singano ndi pini ayi, zitsulo zimagunditsa mawaya. Anthu ambiri amabwera atakonzeka kulipira, ine kungotulutsa kathonje foni n'kuyamba kutchaja.

Ngati ikutchaja koma mochedwa, kawirikawiri ndi mutu wa tchaja. Zotchipa zopepuka ngati mulibe kanthu mkati zija zimapereka moto wochepa komanso wosakhazikika, ndipo chizindikiro chake n'chakuti foni ikakhala pa tchaja sikirini imadzidina yokha.

Batire latupa mpaka chivundikiro chakumbuyo chatukuka, ndingapitirize kugwiritsa ntchito?

Ayi ndithu. Lekani kulitchaja pompano. Batire la lithium likatupa ndiye kuti mkati mwadzaza mpweya, likabooka limayaka moto wovuta kuzimitsa. Osalipanikiza, osalibaya kuti liphwe, osamanga foni ndi labala kuti itsekeke, ndipo osagona nayo pansi pa pilo. Kasinthitseni, lakalelo musaliponye pamoto wa zinyalala pomwe ana amasewera.

Chomwe chimapha batire msanga ndi kutentha. Foni pa dashibodi ya galimoto dzuwa lili pamutu, foni pa tchaja uku mukuonera mpira, foni pawindo pafupi ndi sola. Kulimaliza mpaka foni kuthima yokha tsiku ndi tsiku nakonso kumalifooketsa, bola kulitchaja likafika cha pa 20. Zija zoti foni yatsopano iyambe yatchajidwa maola 8 zinali za mabatire akale, a masiku ano safuna zimenezo.

Magetsi akathima ndizisiya foni pa tchaja kuti akabwera ipezeke ikutchaja?

Ndikumvetsa chifukwa chake, magetsi akabwera pakati pa usiku munthu umafuna udzuke foni itadzaza. Koma nthawi yomwe akubwera ndi yomwe nthawi zina amabwera mwamphamvu, ndipo tchaja, TV, ndi adaputa ya laputopu zimapsa pamenepo. Zulani, dikirani mphindi zingapo akhazikike. Ngati simungathe, gulani surge protector yeniyeni, kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, poti ekisitenshoni wamba siiteteza kanthu. Kukagwa mvula ya ziphaliwali zulaninso. Ndipo mukakatchajitsa kwa ena pamsika kapena ku barbershop, ikani loko pa sikirini ndipo memori muchotse.

Yagwera m'madzi, ndiike mu mpunga?

Izimitseni msanga, ichi ndiye chachikulu. Osaiyatsa kuti muone ngati ikugwira, osaiika pa tchaja, chifukwa chomwe chimapha foni ndi moto kuyenda m'malo onyowa. Chotsani kava, simu, memori, ndi batire ngati limachoka. Pukutani, igwedezeni pang'ono kabowo kotchajira kataloza pansi, muiike pamthunzi podutsa mphepo. Mpunga sukoka madzi omwe ali mkati mwa bodi, umangolowetsa fumbi ndi tizidutswa m'mabowo, ngakhale a Apple analemba kuti anthu asamaike iPhone mu mpunga. Pa mbaula kapena padzuwa lamphamvu ayinso. Ngati yagwera mu tiyi, mu ndiwo, m'madzi a sopo, ifikitseni kwa wokonza tsiku lomwelo aitsegule aitsuke, chifukwa imatha kuyaka bwinobwino lero n'kudzafa sabata yamawa dzimbiri litadya mkati.

WhatsApp yanga yalandidwa, wina akupempha ndalama kwa abale anga m'dzina langa

Izi zafala ndipo zimapweteka, chifukwa amene amaberedwa ndi anthu okukondani. Njira yake ndi imodzimodzi. Wina amakuimbirani kapena kulemba kuti ndi wa gulu la mapemphero, la sukulu, kapena kuti pali msonkhano wa pa intaneti, nde akutumizirani manambala 6 pa meseji muwawerengere. Manambala amenewo ndi kiyi ya WhatsApp yanu. Mukangowatchula, akaunti yasamukira pa foni yake.

Tsegulani WhatsApp mulembetsenso ndi nambala yanu yomweyo. Meseji ya manambala 6 ibwera pa simu yanu, mukawalowetsa wakubayo amatulutsidwa. Ngati anaikamo PIN yake ya two-step verification, mudikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN imeneyo, koma iyeyo amakhala atatuluka kale. Pomwe mukudikira imbirani abale, uzani ma admin a magulu alengeze kuti asatumize ndalama. Mukalowa pitani Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu ndi imelo yanu, ija tanena poyamba ija. Onaninso pa Linked devices, ngati pali kompyuta yomwe simukuidziwa itulutseni. Amene simunaberedwe ikani PIN imeneyi lero, ndipo muwaikirenso makolo.

Nanga GB WhatsApp?

Siyochokera kwa eni WhatsApp, siipezeka mu Play Store, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa chifukwa cha iyo. Simudziwanso kuti amene anaipanga akuona chiyani m'foni mwanu. Kubisa kuti mwawerenga meseji ndi kubisa last seen zilimo kale mu WhatsApp yeniyeni pa Privacy.

Ndalandira meseji yoti ndalama zalowa, kenako wina waimba kuti watumiza molakwika ndimubwezere

Osatumiza. Onani kaye komwe mesejiyo yachokera, ya Airtel Money kapena Mpamba yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, yabodza imachokera pa nambala wamba ngakhale mawu ake afanane bwanji. Kenako funsani balansi nokha pa foni yanu. Ngati ndalama zalowadi, muuzeni aimbire kampani ibweze yokha, njira imeneyo ilipo. Amakonda kukufulumizitsani, mwana ali kuchipatala, basi ikunyamuka, cholinga musaganize. PIN yanu sauza munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku ofesi ya kampani, ndipo isakhale chaka chomwe munabadwa poti chili pa chiphaso chanu.

Foni yabedwa, ndiyambire pati?

Simu kaye, chifukwa ndalama zanu ndi WhatsApp zili pa nambala. Imbirani kampani pa foni ya wina aitseke, kenako mupite ndi chiphaso cha unzika mukatenge simu ina ya nambala yomweyo. Apa ndi pomwe amavutika aja amene simu yawo inalembetsedwa m'dzina la munthu wina, nde ngati yanu ili choncho kakonzeni zisanachitike. Dziwitsaninso banki ngati muli ndi app yake.

Kenako pa foni ya mnzanu lowani mu Find My Device ya Google, pano akuitcha Find Hub, ndi imelo yanu. Ngati foni ili pa intaneti muona dera lomwe ili, mungathe kuitseka kapena kufufuta zonse. Musapite nokha kukalimbana ndi munthu, pitani kupolisi. Kumeneko akufunsani IMEI, nambala ya manambala 15 yomwe foni iliyonse ili nayo yakeyake. Imalembedwa pa katoni, komanso imatuluka mukadina *#06#. Dinani pano muilembe m'kope lija.

Ndikufuna kugula foni yogwiritsidwapo kale, kapena achimwene anditumizire kuchokera ku Joni. Ndiyang'ane chiyani?

Ikanimo simu yanu pomwepo muimbe, mutsegule data. Mafoni ena a kontrakiti ochokera ku South Africa, UK kapena America amakhala otsekeredwa ku netiweki ya kumeneko, nde auzeni achimwenewo atsimikize kuti ndi yotsegula asanatumize. Dinani *#06# mufananize ndi katoni ngati ilipo. Mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, ndipo ngati ndi iPhone atuluke mu iCloud, chifukwa iPhone yokhala ndi Activation Lock ya munthu wina palibe chomwe mungachite nayo. Chenjeraninso ndi mafoni a ngongole olipira pang'onopang'ono aja, munthu amagulitsa asanamalize kulipira, patapita masiku foni n'kudzitseka ili m'manja mwanu. Njira yabwino ndi kuifomata muli limodzi ndi wogulitsa n'kuiyatsa mpaka idutse mafunso onse ifike pa sikirini ya ma app. Yesani kamera, sipika, maiki, tchaja, ndipo yendetsani chala m'makona onse a sikirini. Ngati ndalama zilola, pewani ya RAM yochepera 3 GB kapena malo ochepera 32 GB, ma app a masiku ano ndi olemera.

Ndikalemba Chichewa kiyibodi ikumasintha mawu kukhala Chingerezi

Zimatopetsa kwambiri, walemba bwinobwino uthenga wa ulemu kwa apongozi, kutumiza, kuona mawu asanduka zina. Kiyibodi ikuganiza kuti mukulakwitsa Chingerezi. Ngati ndi Gboard, lowani mu settings yake, Text correction, muzimitse Auto-correction. Pa Samsung zimitsani Auto replace kapena Predictive text. Pa Languages mu Gboard fufuzaninso Nyanja kapena Chichewa muwonjezere, ikatero imayamba kuphunzira mawu anu. Ofuna ŵ wa kadenga, yesani kugwiritsitsa chala pa w mukaika chilankhulocho. Pa Word mu kompyuta tayipani 0175 kenako Alt ndi X pamodzi, ya wamkulu ndi 0174. Mizere yofiira pansi pa mawu onse a Chichewa mu Word siituluka populinta, koma ngati ikukusokonezani sankhani zonse, Review, Language, muike tiki pa Do not check spelling or grammar.

Memori yanga ya 64 GB zithunzi zikumasowa kapena kukana kutseguka

Mwina ndi yabodza. Pali mamemori ndi mafulashi omwe amalembedwa 64 GB, foni nayo n'kuonetsa 64, koma mkati muli 8 kapena kucheperapo. Poyamba imagwira bwino, ikadzaza malo ake enieni zatsopano zimayamba kuonongeka. Mtengo ukatsika modabwitsa kayikirani. Pa kompyuta pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw komwe kamadzaza memori yonse n'kuwerenganso, kamanena zoona. Ngakhale yeniyeni imafa osatsanzika, nde zithunzi za ukwati ndi za malemu agogo zisakhale pamalo amodzi okha.

Laputopu ikuchedwa kwambiri, kuyaka kokha mpaka ndithe kuphika tiyi

Malaputopu ambiri omwe timagula ogwiritsidwapo kale amabwera ndi hard disk yozungulira ija ndi RAM ya 4 GB. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi itseguke Task Manager. Ngati Disk ikungokhala pa 100%, mankhwala ake ndi SSD, disk yothamanga yosazungulira yolowa m'malo mwa hard disk. Kunena zoona palibe chinthu china chomwe chimasintha laputopu yakale ngati kuikamo SSD, ngakhale ya 256 GB yokha, makina omwe mumafuna kutaya amayaka m'masekondi. Kenako RAM ifike 8 GB ngati ilola. Zaulere zomwe mungachite lero: pa Startup mu Task Manager momwemo letsani mapulogalamu omwe amayamba okha, ndipo ngati muli ndi ma antivirus awiri kapena atatu chotsani, amalimbana okhaokha. Microsoft Defender yomwe imabwera ndi Windows ndi yokwana bola izilandira update.

Ikamalira fani ndi kutentha mpaka kuzima yokha, ndi fumbi. Musamaiike pa bedi kapena pa bulangete, mabowo opumira ali pansi. Kaipukutitseni mkati kamodzi pachaka.

Ndinapita kukapulinta, pobwera mafayilo onse mu fulashi asanduka ma shortcut

Musafomate, mafayilo anu alimo, vayirasi yangowabisa. Ndipo musadine ma shortcut amenewo chifukwa ndi momwe imalowera mu kompyuta yanu. Ikani fulashi, muone chilembo chake, tinene kuti ndi E. Tsegulani Command Prompt mutayipe izi: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kenako Enter. Mafoda anu abwerera, nthawi zina amakhala mu foda yopanda dzina. Koperani zofunika, dilitani ma shortcut ndi mafayilo achilendo, sikanani ndi Defender, ndipo mukatsimikiza kuti zonse mwasunga ndiye mufomate fulashiyo. Ulendo wina tumizani chikalatacho pa imelo kapena pa WhatsApp kwa opulintawo, fulashi yomwe muli dizeteshoni yanu yonse isamalowe m'kompyuta iliyonse ya m'tauni.

Ndikalumikiza laputopu ku hotspot ya foni bandulo imatha nthawi yomweyo

Windows imaona hotspot ngati Wi-Fi yopanda malire nde imayamba kukoka ma update. Dinani pa dzina la Wi-Fi imeneyo, Properties, muyatse Metered connection. OneDrive nayo muiimitse kaye. Koma ma update musawathawe mpaka kalekale, mukapeza Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu isiyeni imalize.

Akuti Windows 10 yatha, laputopu yanga isiya kugwira ntchito?

Siisiya. Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, kutanthauza kuti mabowo atsopano a chitetezo sazitsekedwa ngati kale, koma makina aziyaka ndipo Word izigwira. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta), RAM yosachepera 4 GB, malo 64 GB ndi purosesa yatsopanoko, nde malaputopu ambiri akale sakwanira. Ngati yanu ikukwanira, samukani, ndi zaulere kwa amene Windows yawo ndi yovomerezeka. Ngati siikwanira ndipo ntchito yanu ndi kulemba ndi intaneti basi, Linux Mint imayenda bwino pa makina akale ndipo imabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Imafuna kuizolowera masiku angapo, ndipo mapulogalamu ena a Windows sayenda mmenemo, nde funsani kaye ngati mumadalira pulogalamu inayake ya kuntchito.

Magetsi anathima ndisanaseve, komanso CV yanga ikumasokonekera ndikakapulinta

Tsegulaninso Word, kawirikawiri kumanzere kumabwera Document Recovery. Ikapanda kubwera pitani File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents. Word imadzisungira yokha mphindi 10 zilizonse, mungachepetse kufika pa 2 mu Options pa Save. Zala zizolowere Ctrl ndi S ndime iliyonse.

Za CV zo, chimachitika n'chakuti kompyuta ya opulinta ilibe font yomwe munagwiritsa ntchito kapena Word yawo ndi ina, nde mizere imasuntha. Mukamaliza pangani Save As musankhe PDF, imaoneka chimodzimodzi paliponse. Pofunsira ntchito tumizaninso PDF yomweyo, ndipo fayilo muitche dzina lanu osati Document1.

Wokonza wanena kuti foni ikufunika kuflasha. Ndivomere?

Funsani kaye kuti wayesa chiyani. Kuflasha, komwe ndi kuikamonso pulogalamu yoyendetsa foni, kumafufuta chilichonse, ndipo pa mavuto onse ndatchula pamwambapa palibe lomwe kukonza kwake kumayambira pamenepo. Kumafunikadi foni ikamangoima pa logo osapitirira, ikamangozima ndi kuyaka yokha ngakhale mu Safe mode, kapena update itaduka pakati. Foni yochedwa, yodzaza, ya malonda, yosatchaja, imeneyo si ya kuflasha. Kuflasha sikukonza batire kapena pini yotchajira.

Ngati zafikadi pamenepo ndipo foni ikuyakabe, pemphani tsiku limodzi. Pangani bakapu ya WhatsApp pa Settings, Chats, Chat backup, muone kuti yamaliza ndipo muone imelo yomwe yapitako, kumbukiraninso kuti bakapuyo imadya pa 15 GB yaulere yomwe Google imapereka. Tsegulani contacts.google.com pa foni ina muone ngati manambala alimo, poti ena amakhala anasungidwa m'foni mokha. Zithunzi koperani mu kompyuta kapena mu fulashi. Yesani kulowa mu imelo yanu pa foni ya wina kuti mutsimikize kuti pasiwedi ya m'kope ija ikugwiradi. Potsiriza chotsani simu ndi memori mupite nazo kunyumba, tulukani mu ma app a banki, ndipo mugwirizane mtengo wake asanatsegule foni. Akasintha chipangizo chilichonse, pemphani akupatseni chakalecho.